MPIKISANO WA MAGALIMOTO A MAGETSI: MTENGO WATSIKA, NANGA MOYO WA WOKWERAMO?

M'caka ca 2024 anthu pa dziko lonse lapansi anagula magalimoto a magetsi oposa 17 miliyoni, kuphatikizapo aja okhala ndi batire lochaja pamodzi ndi injini ya petulo. Bungwe la International Energy Agency, limene limasunga ciwerengero cimeneci, linati pa magalimoto asanu aliwonse atsopano amene anagulitsidwa caka cimeneco, imodzi inali ya magetsi. Oposa 11 miliyoni mwa magalimoto amenewa anagulidwa m'dziko la China mokha.

Mwina mlimi wa ku Katete, ku Lundazi kapena ku Petauke angafunse kuti, "Nanga ine zimenezi zindikhudza bwanji, pamene ngakhale nyali ya magetsi m'nyumba mwanga mulibe?" Funso lotere nlomveka, koma nkhaniyi itikhudza pa zifukwa zitatu. Coyamba, mkuwa wa m'migodi yathu ndiwo umodzi mwa miyala imene magalimoto amenewa amafuna kwambiri. Caciwiri, magalimoto ambiri oyenda m'miseu yathu ndi aja amene anagwirapo kale nchito ku Japan ndi ku maiko ena, kotero cimene anthu a kumeneko agula lero, ife tidzacilandira patapita zaka zisanu kapena khumi. Cacitatu, m'bajeti ya caka ca 2024 Boma linacotsa msonkho wa pamalire pa magalimoto, mabasi ndi njinga zamoto zoyendera magetsi, ndiponso pa zipangizo zochajira. Khomo linatseguka. Nkofunika tsono kuti tidziwe cimene ciloweremo.

Amene atsata nkhani za makampani opanga magalimotowa aona cinthu cimodzi cimene cabwerezedwa m'maiko osiyana-siyana. Mpikisano watsitsa mtengo kwambiri, ndipo zimenezi nzabwino. Koma paliponse pamene makampani athamanga kuposa lamulo, anthu avulala kapena afa, ndipo lamulo labwera pambuyo pa maliro. Ife tiri ndi mwai wakuti tikonze lamulo ndi maphunziro magalimoto amenewa asanacuruke.

MTIMA WAKE NDI BATIRE

Galimoto ya magetsi iribe injini yotentha petulo kapena dizilo. Pansi pa mipando pamakhala batire lalikulu lolemera makilogalamu 300 mpaka 500, nthawi zina kuposerapo, ndiye kuti ngati matumba a cimanga asanu ndi limodzi kufikira khumi. Batire limeneli lipereka mphamvu ku mota imene izunguza mawilo. Mphamvu ikatha, mwini galimoto amalumikiza cingwe ku magetsi monga momwe ticitira ndi foni ya m'manja. Ndipotu mabatire a magalimotowa ndi a pa banja limodzi ndi a m'mafoni, onse ndi a mwala wa lithium, kungoti m'batire la galimoto muli timabatire ting'ono-ting'ono mazana kapena zikwi tolumikizidwa pamodzi.

Ubwino wake ulipo ndithu. Galimoto yotere siifuna mafuta a injini, iribe mapulagi, siitulutsa utsi, ndipo zitsulo zoyenda-yenda zimene zimaperepeseka nzocepa. Kwa dziko ngati lathu, limene limagula dontho lililonse la petulo ndi dizilo ndi ndalama zakunja, kudzera m'paipi ya TAZAMA yocokera ku Dar es Salaam kapena pa matanka oyenda pa mseu, phindu lake nloonekeratu. Koma batire lokha limadya pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa galimoto yonse. Pakati pa 2010 ndi 2024 mtengo wa mabatire unatsika ndi magawo pafupi-fupi 90 pa 100. Kampani imene ipanga batire mochipa ndiyo ipambana mpikisano, ndipo kampani imene ilakwitsa batire ndiyo ikuika moyo wa anthu pa ngozi.

NJOVU ZIWIRI PA MSIKA

Kwa zaka zambiri kampani ya ku America ya Tesla, yotsogozedwa ndi Elon Musk, ndiyo inali patsogolo. Imene yabwera kudzailanda malo ndi BYD ya ku China. Kampani imeneyi anaiyambitsa ndi Wang Chuanfu mu 1995 mu mzinda wa Shenzhen, ndipo poyamba inali kupanga mabatire cabe. Inalowa m'nchito ya magalimoto mu 2003, ndipo mu 2022 inalekeratu kupanga magalimoto oyendera petulo yekha. Mu 2024 Tesla inagulitsa magalimoto 1.79 miliyoni oyendera batire lokha pamene BYD inagulitsa 1.76 miliyoni. Mu 2025 zinthu zinatembenuka: BYD inagulitsa 2.26 miliyoni, Tesla 1.64 miliyoni.

Nkhondo ya mitengo inakula mu Januwale 2023 pamene Tesla inatsitsa mitengo yake ku China, ndipo makampani ena onse anakakamizika kutsatira. Pofika 2024 kagalimoto kakang'ono ka BYD kochedwa Seagull kanali kugulitsidwa ku China pa mtengo wosafika madola 10,000 a ku America. Mu Meyi 2025 BYD inatsitsanso mitengo ya mitundu yoposa 20, ina ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Apa Boma la China lenilenilo linayamba kuda nkhawa, nkucenjeza kuti mpikisano woterewu uwononga makampani onse. Mu Juni caka comweco makampani akulu-akulu analonjeza kuti adzilipira opanga zipangizo pasanathe masiku 60, cifukwa ambiri anali kusunga ngongole zimenezi miyezi yambiri.

Tiyenera kumvetsa cifukwa cake Boma linada nkhawa pamene ogula anali kusangalala. Mtengo ukatsika, ndalama imene yacotsedwayo icokera penapake. Ina icokera ku luso latsopano ndi kupanga zinthu zambiri nthawi imodzi, ndipo pamenepo palibe cobvuta. Koma ina icokera kwa wopanga mabuleki, matayala ndi mawaya, amene auzidwa kuti acepetse mtengo caka ndi caka. Inanso icokera ku nthawi yoyesera galimoto. Makampani akale a ku Ulaya ndi ku Japan amatenga zaka zinai kapena kuposerapo kuti atulutse mtundu watsopano, pamene makampani a ku China amatha m'zaka ziwiri. Tsopano onse akuthamanga kuti afanane nawo.

Ofooka agwa m'njira. Kampani ya WM Motor ya ku China inagwa mu 2023, ndipo ya Fisker ya ku America inagwa mu 2024. Amene anagula magalimoto a makampani amenewa anatsala ngati ana amasiye: masipeya kusowa, lonjezo lokonza mwaulere kutha, ndiponso mapulogalamu a kompyuta amene amayendetsa zinthu zambiri m'galimotomo anatsala opanda wowasamalira. Galimoto ya petulo, ngakhale kampani yake itafa, amakanika amaipezera citsulo cina nkuiyendetsa. Galimoto imene ubongo wake uli m'manja mwa kampani yakufa njobvuta kuiukitsa.

Maiko olemera nawo aika mipanda. Mu 2024 America inakweza msonkho pa magalimoto a magetsi a ku China kufika pa 100 pa 100 aliwonse. Mu Okutobala caka comweco maiko a European Union anaonjezera msonkho wa 17 pa 100 pa magalimoto a BYD ndi woposa 35 pa 100 pa a kampani ya SAIC, pamwamba pa msonkho wakale wa 10 pa 100. Madzi akatsekedwa kwina amafuna kwina kodzera. Ndiye cifukwa cake makampani a ku China atembenukira ku South America, ku maiko ena a ku Asia ndi kuno ku Africa. BYD inayamba kugulitsa magalimoto ake ku South Africa mu 2023.

ZA MOTO

Anthu ambiri amaopa kuti magalimoto a magetsi amayaka cisawawa. Ciwerengero sicibvomereza mantha amenewa. Ku Sweden, bungwe la Boma loona za ngozi linapeza kuti mu 2022 pa magalimoto 100,000 aliwonse a magetsi, amene anayaka anali pafupi-fupi anai, pamene pa magalimoto a mitundu yonse pamodzi anali 68. Nzoona kuti magalimoto a magetsi ambiri akali atsopano, ndipo galimoto imayaka kawiri-kawiri ikakalamba. Komabe tisaiwale kuti petulo nayenso ndi moto wongodikira kuyatsidwa.

Cobvuta ciri pa mtundu wa motowo. Kabatire kamodzi kakaonongeka m'kati, kamatentha, nkutenthetsa kanzake, kanzakeko nkutenthetsa kena, monga momwe moto wa m'chire ulumphira kucoka pa tsinde la udzu kupita pa lina. Moto wotere suzimika msanga cifukwa uli m'kati mwa bokosi lacitsulo lotsekedwa. Ungafune madzi oposa malita 10,000, ndipo ungayambirenso patapita maola kapena masiku. Utsi wake ndi wa poizoni.

Kampani ya General Motors ya ku America inaphunzira zimenezi mowawa. Pakati pa 2020 ndi 2021 inaitanitsa magalimoto ake onse a mtundu wa Chevrolet Bolt, oposa 140,000, atapezeka kuti ena anali kuyaka ali ciimire. Colakwa cinacokera ku fakitale ya LG, kampani ya ku South Korea imene inapanga mabatirewo: m'timabatire tina munali kacitsulo kong'ambika ndiponso kansalu kolekanitsa mbali ziwiri za batire kanali kopindika. Eni magalimoto anauzidwa kuti asaimike m'nyumba ndiponso kuti ataye mtunda pakati pa galimoto yao ndi ya anzao. Kukonza zonsezi kunadya madola pafupi-fupi 2 biliyoni, ndipo LG inabvomera kulipira pafupi-fupi zonse. Kansalu kopyapyala kuposa tsitsi kanadya cuma coterecho.

Pa 1 Ogasiti 2024, mu mzinda wa Incheon ku South Korea, galimoto ya magetsi ya Mercedes-Benz inayaka pa malo oimikapo magalimoto a pansi pa nyumba zosanja. Moto unatha maola oposa asanu ndi atatu, magalimoto oposa 80 anapsa, ndipo mabanja ambiri anasamuka kwa masiku cifukwa madzi ndi magetsi zinaduka. Pambuyo pake anthu anadabwa kumva kuti batire la galimoto yodula coteroyo linapangidwa ndi kampani ya ku China ya Farasis, imene ogula ambiri sanaimvepo. Boma la dzikolo linalamula kuti makampani adziulula dzina la wopanga batire. Dzina lochuka lolembedwa pa mphuno ya galimoto silinena zonse za m'kati mwake. Akulu anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma mpikisano womwewo wabalanso zabwino. Pofuna kucepetsa mtengo, makampani a ku China, maka-maka BYD ndi CATL, anakometsa mtundu wa batire wochedwa LFP, umene m'malo mwa miyala yodula ya kobalti ndi nickel umagwiritsa nchito citsulo ndi fosifeti. Batire lotere nlochipa, limakhalitsa, ndipo siliyaka msanga ngati lija la kobalti ndi nickel, ngakhale kuti pa kulemera kofanana limasunga mphamvu yocepa. Lamulo nalo lakhwima. Lamulo la ku China la mu 2020 linali kungofuna kuti batire likayamba kutentha, okwera acenjezedwe mphindi zisanu moto usanawafikire. Lamulo latsopano limene linalengezedwa mu Epulo 2025, loyamba kugwira nchito pa 1 Julaye 2026, linati batire lisayake ndipo lisaphulike konse ngakhale kabatire kamodzi kataonongeka.

GALIMOTO "YODZIYENDETSA" NDI ZITSEKO ZOKANA KUTSEGUKA

Mitengo itafanana, makampani anayamba kupikisana pa zokopa maso. Cacikulu mwa izo ndi makina othandiza dalaivala, amene amasunga galimoto mu mzere wake ndi kucepetsa liwiro okha. Makina amenewa amathandiza, koma otsatsa malonda anawapatsa maina ocititsa munthu kuganiza kuti angathe kusiya ciongolero.

Usiku wa pa 29 Malici 2025, m'cigawo ca Anhui ku China, atsikana atatu ophunzira pa yunivesite anali pa ulendo m'galimoto ya mtundu wa SU7. Galimotoyi ipangidwa ndi Xiaomi, kampani yodziwika ndi mafoni, imene inali itangoyamba kugulitsa magalimoto caka cimodzi m'mbuyomo. Malinga ndi zimene kampaniyo inaulutsa, galimoto inali kuthamanga makilomita 116 pa ola, makina othandiza ali kugwira nchito. Kutsogolo anali kukonza mseu. Makina anacenjeza, woyendetsa anagwira ciongolero, koma patangopita timphindi tiwiri kapena titatu galimoto inaomba cipupa ca simenti pa liwiro la makilomita 97 pa ola, nkuyaka. Onse atatu anafa. Mu Epulo unduna woona za mafakitale unaitana makampani nkuwaletsa kutsatsa magalimoto ndi mau akuti "yodziyendetsa". Mu Seputembala Xiaomi inaitanitsa magalimoto pafupi-fupi 117,000 kuti ikonze makinawo. Tesla nayo, mu Disembala 2023, inakakamizika kukonza magalimoto oposa 2 miliyoni ku America, akulu-akulu oona za miseu atapeza kuti makina ake ochedwa Autopilot sanali kutsimikiza mokwanira kuti dalaivala ali maso.

Cina ndi zogwirira zitseko. Pofuna kuti galimoto ioneke yosalala, makampani ambiri anabisa zogwirira m'kati mwa citseko kuti zidzituruka ndi mphamvu ya magetsi. Nanga magetsiwo akaduka pa ngozi? Mu Okutobala 2025, mu mzinda wa Chengdu, galimoto ina ya SU7 inacita ngozi nkuyaka. Apolisi anati woyendetsayo ayenera kuti anali atamwa mowa, koma cimene cinagwedeza mitima ya anthu ncakuti odutsa m'njira anayesa-yesa kutsegula zitseko osatheka, ndipo munthuyo anafera momwemo. Boma la China lakonza lamulo lakuti kuyambira pa 1 Januwale 2027 mitundu yatsopano ya magalimoto ikhale ndi cogwirira cotsegula ndi dzanja, kunja ndi m'kati, cosadalira magetsi. Cinthu cimene kalipentala aliyense wa kumudzi acidziwa, cakuti citseko ciyenera kutseguka pa tsiku la tsoka, cinadikira imfa kuti cilembedwe m'lamulo.

Tisaganize kuti kufulumira kwapunthwitsa makampani atsopano okha. Toyota, imene tonse timaikhulupirira pa miseu yathu, mu Juni 2022 inaitanitsa magalimoto 2,700 a mtundu wake watsopano wa magetsi wa bZ4X, patangopita miyezi iwiri ciyambire kuwagulitsa, cifukwa mabauti a mawilo anali kumasuka moti wilo likanatha kuguluka galimoto iri pa ulendo.

UBWINO UMATSATA LAMULO LA KOGULITSIRA

Ena amati ciriconse cocokera ku China ncosalimba. Pa nkhani ya magalimoto a magetsi mau amenewa sali oona. Ku Ulaya kuli bungwe la Euro NCAP limene limaombanitsa magalimoto dala nkupereka nyenyezi, kucokera pa ziro kufika pa zisanu. Mu 2022 galimoto ya BYD ya Atto 3 inalandira nyenyezi zisanu, ndipo mitundu ina yambiri ya ku China yacita cimodzimodzi. Makampani amenewa amatha kupanga galimoto yolimba pamene msika uwakakamiza kutero.

Funso lofunika kwa ife ndi lakuti galimotoyo inapangidwira msika uti. Apa tiri ndi citsanzo ca pafupi. Mu 2018 bungwe la Global NCAP, mogwirizana ndi Automobile Association ya ku South Africa, linayesa galimoto ya Nissan NP300 Hardbody, ya injini wamba, imene inali kugulitsidwa yatsopano kuno ku Africa. Siinalandire nyenyezi ngakhale imodzi pa kuteteza akulu okhala kutsogolo. Mu 2020 anaiombanitsa maso ndi maso ndi Nissan ina ya mu 2015 imene inagwirapo kale nchito ku Ulaya. Ya ku Africa, yatsopanoyo, inaphwanyika moti dalaivala wake akanafa, pamene wa ya ku Ulaya akanaturuka wamoyo. Kampani inali imodzi, koma malamulo a misika iwiriyo anali osiyana. Palibe cifukwa coganizira kuti pa magalimoto a magetsi zidzakhala mwa mtundu wina. Dziko losafunsa lidzalandira zimene maiko ofunsa akana.

ZIKAFIKA KWATHU KUNO

Ambiri a ife sitidzagula galimoto yatsopano. Tidzagula yogwirapo kale nchito, monga ticitira ndi salaula. Apa mpamene pali msampha waukulu. Galimoto ya petulo munthu amaimvetsera kulira kwa injini, amayang'ana utsi, amaona ngati mafuta akudontha. Batire lotopa silioneka ndi maso. Galimoto ingawale ngati yatsopano koma nkumatha mphamvu itangoyenda theka la mtunda umene inali kuyenda kale. Makampani ambiri amalonjeza kusamalira batire kwa zaka zisanu ndi zitatu kapena makilomita 160,000, ndipo magalimoto ambiri amafika kuno lonjezo limeneli litatha kapena liri pafupi kutha. Batire latsopano lingadule kuposa mtengo umene munthu wagulira galimotoyo.

Kutentha nako ndi mdani wa batire. Nissan Leaf, imene inaturuka mu 2010 ndipo yacuruka pa misika ya magalimoto akale a ku Japan, mitundu yake yoyamba inalibe madzi oziziritsa batire. Pofika 2012 eni ake a ku Arizona, dera lotentha la ku America, anali atayamba kale kudandaula kuti mabatire akufooka msanga. Amene akhala ku cigwa ca Luangwa adziwa kutentha kwa mwezi wa Okutobala. Miseu yathu ya dothi ndi nkhani inanso, pakuti batire liri pansi pa galimoto, pamene miyala ndi mitumbira ya pakati pa mseu imagunda. Batire logundidwa mwamphamvu lingaoneke labwino lero nkudzayamba kutentha pambuyo pake.

Amakanika athu a pansi pa mtengo ndi anthu aluso, ndipo ndiwo asunga dziko lino pa mawilo. Koma batire limene iwo azolowera ndi la mavoti 12. La galimoto ya magetsi liri ndi mavoti 400, ena 800, pamene magetsi a m'nyumba, amene amapha munthu, ali ndi 230. Mawaya onyamula mphamvu imeneyi amakutidwa ndi cikopa ca mtundu wa lalanje kuti aliyense acenjere. Makanika wosaphunzitsidwa, kapena munthu wacifundo wothamangira kukathandiza pa ngozi, asakhudze waya wotere.

Kumidzi cimene cidzayamba kufika ndi njinga zamoto ndi tingolo ta mawilo atatu toyendera batire. Izi zingathandize kwambiri ponyamula mbeu kupita ku msika ndi odwala kupita ku cipatala, maka-maka kumene kuli magetsi a dzuwa. Komatu mabatire ochipa a njinga zotere ndiwo apha anthu ambiri m'nyumba. Ku New York mu 2023 moto wa mabatire a lithium unapha anthu 18. Ku Nanjing, ku China, mu Febuluwale 2024 moto umene unayambira pamalo oimikapo njinga za magetsi unapha anthu 15 m'nyumba yosanja. Motero batire lisachajidwe m'cipinda cogona, pakhomo poturukira, kapena pansi pa denga la udzu anthu ali m'tulo. Chaja cikhale cake-cake ca batirelo. Batire lotupa, lonunkha kapena lotentha kwambiri liturutsidwe panja msanga.

Tiwacenjezenso ana. Galimoto ya magetsi ikamayenda pang'ono-pang'ono siimveka, ndipo ife tinazolowera kuoloka mseu ndi makutu. Maiko a European Union analamula kuti kuyambira mu 2021 galimoto iriyonse yatsopano ya magetsi idzilira dala ikamayenda pa liwiro locepa. Zakale zambiri ziribe kacipangizo kameneka, ndipo abusa a ng'ombe ndi ana a sukulu oyenda m'mbali mwa mseu ndiwo ali pa ngozi.

Za magetsi enieniwo sitingazibise. Cilala ca mu 2024 cinacepetsa madzi m'nyanja ya Kariba, ndipo madera ambiri anali kukhala opanda magetsi kufikira maola 21 pa tsiku. Galimoto ya magetsi popanda pochajira ndi ngolo yopanda ng'ombe. Amene aganiza zogula ayambe wadzifunsa kumene adzichajira, ndipo mawaya a m'nyumba yao ayambe aonedwa ndi munthu wodziwa, pakuti kuchaja galimoto kumakoka mphamvu yambiri kwa maola ambiri.

NCHITO IRI PATSOGOLO PATHU

Mabungwe oyenera kugwira nchitoyi tiri nao kale. Zambia Compulsory Standards Agency, imene imaonetsetsa kuti magalimoto akale ayesedwa asanatumizidwe kuno, ingathe kufuna cikalata cosonyeza mphamvu yotsala m'batire, dzina la wolipanga, ndi umboni wakuti galimotoyo siinamire m'madzi kapena kuitanitsidwa cifukwa ca cilema cimene sicinakonzedwe. Road Transport and Safety Agency ingathe kukana mitundu yosayesedwa pa kuombana ndi ya zitseko zosatseguka ndi dzanja. Masukulu a nchito za manja oyang'aniridwa ndi TEVETA ayenera kuphunzitsa amakanika, ndipo makhonsolo aphunzitse ozimitsa moto. Wogulitsa aliyense akakamizidwe kusunga masipeya ndi kulandiranso mabatire akutha. Mzinda wa Kabwe, kumene mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 koma dothi lake likali kudwalitsa ana, utikumbutse kuti zinyalala za miyala sizicoka zokha.

Pa za mkuwa, mpikisanowu uli kumbali yathu. Galimoto ya magetsi imafuna mkuwa wowirikiza kawiri kapena katatu poyerekeza ndi ya petulo, ndipo ngakhale mabatire a LFP acepetsa kufunika kwa kobalti, mkuwa ukufunikabe m'mota, m'mawaya ndi m'zochajira. Zambia inakumba matani oposa 800,000 mu 2024. Mu Epulo 2022, ku Lusaka, dziko lino ndi la Democratic Republic of Congo anasaina pangano logwirira pamodzi nchito yopanga zipangizo za mabatire. Dziko limene lipereka mwala wopangira magalimoto amenewa liri ndi mphamvu yonena mtundu wa galimoto umene lidzalola pa miseu yake.

Kwa inu awerengi amene tsiku lina mudzaimirira pamaso pa wogulitsa galimoto kapena njinga ya magetsi, musacite manyazi kufunsa. Batire ili analipanga ndani, ndipo ndi la mtundu wanji? Mwatsala mphamvu yocuruka bwanji, ndipo cikalata cake ciri kuti? Likafa, latsopano ndidzalipeza kuti ndipo pa mtengo wanji? Magetsi akaduka, citseko cidzatseguka bwanji? Wogulitsa amene akwiya ndi mafunso amenewa musiyireni katundu wake. Anthu a ku Anhui, ku Chengdu ndi ku Incheon analipira mtengo waukulu kuti mafunso amenewa adziwike, ndipo caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.